ZA NGALAWA ZIWIRI NDI ZISUMBU ZA M'NYANJA

Ana athu akabwera ku sukulu, nthawi zina adza nayo nkhani imodzi imene iwakondweretsa koposa, ndiyo ya nkhondo ya ngalawa ziwiri pa Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1914. Aikamba alikuseka, ndipo ife akuru tiseka nao. Pakuti nkhaniyo njokoma m'kamwa, ndipo olemba mabuku a alendo odzaona dziko lino saisiya konse. Koma mwezi uno tifuna kuiika m'lichero, monga achita mai ndi mpunga wa ku Chilwa, kuti tione chotsala mankhusu atauluka. Titero chifukwa mlandu wa nyanja ija ndi zisumbu zache sunathe kufikira lero. Ndipo anthu ozolowera kuseka pokamba nkhondo yakale sachedwa kubvomera pamene wina awaitanira yatsopano.

Nkhaniyo iyenda chotere. Pamene nkhondo inabuka ku Ulaya m'mwezi wa August 1914, panyanja panali ngalawa ya Angelezi yokhala ndi mfuti, dzina lache Guendolen, ndi ina ya Ajeremani, dzina lache Hermann von Wissmann. Boma la ku Zomba linatuma Kaputeni Rhoades kuti akafune ngalawa ya adaniwo, ndipo pa 13 August anaipeza pa doko la Sphinxhaven, pamene lero pachedwa Liuli, ataikokera pamtunda kuti aikonze. Anayamba kuombera, koma zipolopolo zinali zakale, kotero kuti zambiri zinapita pachabe, kufikira chimodzi chinagunda. Pomwepo Kaputeni Berndt wa Ajeremani, amene anali bwenzi lache la Rhoades lakumwa naye, ndiponso anali asanamve kuti kuli nkhondo, anadza m'bwato ali wokwiya, namfunsa mnzacheyo ngati waledzera. Anamgwira, namtenga wandende. Ndipo manyuzipepala a ku London analengeza kuti Angelezi apambana pa nyanja ya Nyasa.

Sitinena kuti nkhaniyi ndi yonama. Zambiri za m'menemo zinachitikadi, ndipo mfuti ya Guendolen iri chiimire ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya koloko, kuti yense wofuna akaione. Chimene titsutsa ndi ichi, kuti m'nkhani yonseyi muli anthu awiri okha. Ngalawa za masiku aja zinayenda ndi nkhuni. Nanga anadula nkhunizo ndani, anasonkha moto m'chipinda chotentha cha pansi ndani, anapalasa bwato la Berndt ndani? Wokamba sawachula. Ndiponso aleka nkhani yache pamene pali pokoma, Azungu awiri atakhala pansi ndi tambula m'manja, monga ngati nkhondo ya kuno inathera pomwepo. Koma m'mawa uja inali itangoyamba kumene.

Pakuti kuyambira tsiku lomwelo nyanja yonse inasanduka mseu wa Angelezi. Pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo ochuruka a iwo akugwa, mbali zonse ziwiri, anali asilikari akuda. M'mwezi wa November John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi a dziko lino alikutengedwa kukafera mlandu umene suli wao. Boma silinafune kuti kalatayo imveke, ndipo zimene zinatsata mu January 1915 tonse tizidziwa. M'chaka cha 1916 General Northey anatsogolera gulu lalikuru kulowa m'dziko la Ajeremani. Ngalawa zinasenza ufa, mpunga ndi zipolopolo kuchokera ku Fort Johnston kumka ku madoko a kumpoto. Koma kuchokera pagombe kukwera mapiri kunalibe njanji kapena mseu wabwino, ndipo katundu yenseyo anakwera pa mitu ya anthu. Owerenga mbiri ati amuna a Nyasaland amene anagwira ntchito ya tengatenga anafika ngati 200,000, ndi asilikari ngati 19,000, m'dziko limene anthu ache onse, pamodzi ndi makanda ndi nkhalamba, anangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Munthu anasenza katundu wolemera ngati theka la thumba la chimanga, masiku ambiri, m'mvula ndi m'chisanu cha kumapiri, wopanda gombeza lokwanira. Zikwi za iwo anafa ndi kamwazi, ndi chibayo, ndi njala. Minda inatsala yosalima. Ndipo m'chaka cha 1918 nthenda ya fuluwenza inadzatola otsala. Ku Zomba, pa nsanja ya chikumbutso imene tiipitirira pomka ku tauni, palembedwa maina a asilikari a K.A.R. oposa 1,200, koma maina a atengatenga simudzawapezapo.

Chifukwa chache tiyamika buku lina limene likamba nkhondo yomweyo mwa njira yina, ndilo The Chiwaya War, lolembedwa ndi Melvin Page, lotuluka m'chaka cha 2000. (Ana a lero adziwa chiwaya monga chokazingira mbatata pa msika wa Songani, koma makolo ao anacha dzinalo mfuti ija yolira kosapuma.) Mlembiyu, pamene anali kuphunzitsa pa Yunivesite ya Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, anayenda m'midzi pamodzi ndi omthandiza, nakhala pansi ndi nkhalamba zimene zinaona nkhondoyo ndi maso, nalemba mau ao. M'buku lache tikumana ndi amithenga a boma osaka amuna usiku, ndi mafumu okakamizidwa kupereka anthu ao, ndi akazi ogwidwa chikole kufikira amuna ao ataturuka m'tchire mobisalamo. Ubwino wache ngwakuti sacheza nthawi yaitali pa khonde la akazembe. Atsikira kumudzi, kumene katundu anagwera.

Komabe tiri nako kudandaula. Nkhalamba zija zinalankhula m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'zinenero zina za kwathu, koma mau ao anaoloka nyanja nakabvala Chingelezi, natulukira ku America pa mtengo umene mphunzitsi wa kumudzi sakanaufikira. Adzukulu a anthu amene anasenza katunduyo ndiwo omaliza kumva zimene agogo ao ananena. Tidziwanso kuti munthu wokumbukira za zaka makumi asanu zapitazo asakaniza masiku ndi malo, ndipo wowerenga ayenera kuyenda nao mosamala. Koma kusakaniza kwa nkhalamba imene inalipo kutiphunzitsa zambiri koposa kulongosoka kwa nthano imene inafafaniza anthu.

Tsono tifunse chimene nthano ija siifunsa: zinatani kuti ngalawa za mafumu awiri a ku Ulaya zikhale pa nyanja ya Anyanja, Atonga ndi Angonde? Apa tifika pa zolembedwa zina, zouma kuziwerenga, koma zamphamvu koposa mabuku onse tachulawa.

Pa 1 July 1890 Angelezi ndi Ajeremani anapangana pangano limene lichedwa la Heligoland. Heligoland ndi kachisumbu ka m'nyanja ya kumpoto kwa Germany, kochepa koposa Chizumulu. Angelezi anali nako, ndipo Ajeremani anakakhumba chifukwa cha ngalawa zao za nkhondo. Lord Salisbury, nduna yaikuru ya Mfumukazi Victoria, anakapereka, nalandira m'malo mwache ufulu wakulamulira Zanzibar ndi malo ena a mu Afrika. Ndipo anthu a pa kachisumbuko sanafunsidwe. M'pangano lomwelo, monga munthu aonjezera kamulu ka tomato pa malonda a mbuzi, analembamo malire a kuno: kuti dziko la Ajeremani lidzatsata gombe la kum'mawa, la kumpoto ndi la kumadzulo kwa nyanja kufikira pa mathiriro a Songwe. Ndiko kunena kuti mtunda ukhale wa Ajeremani, madzi ai. Ndipo ngalawa ija Guendolen inachedwa dzina la mwana wamkazi wa Salisbury yemweyo.

Pangano lachiwiri ndi la 11 June 1891, pakati pa Angelezi ndi Apwitikizi, ndipo ili litikhudza ife a mpingo koposa. Apwitikizi anati mapiri a Shire onse ngao. M'chaka cha 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi asilikari, namenyana ndi Amakololo, nawapha ambiri. Pamenepo misyoni ya Domasi, imene Alexander Hetherwick anaiyamba m'dziko la mfumu Malemia m'chaka cha 1884, inali ya zaka zisanu zokha. Abusa ndi akuru a mipingo ya ku Scotland oposa 11,000 anasaina kalata yopempha boma lao kuti lisapereke dziko la Livingstone kwa Apwitikizi. Ndipo pa 11 January 1890 Salisbury anawalamula kuti achotse asilikari ao, apo ai kudzakhala nkhondo. Anachoka. Pakadapanda zimenezo, kapena ife a chigwa chino tikadakhala tiri kulemba makalata athu m'Chipwitikizi. Tisanene tsono kuti kugawa dziko kunali ntchito ya andale okha, mpingo uli pambali ndi manja oyera. Dzanja la mpingo linali pa cholembera.

Pa nyanja zinaonekera poyera koposa. Pangano la 1891 linapereka gombe la kum'mawa kwa Apwitikizi, koma linapatula zisumbu ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, kuti zikhale za Angelezi. Likoma iri makilomita owerengeka okha kuchokera ku Cobue, kotero kuti munthu aona nyumba za tsidya lija ndi maso. Koma kufika ku Nkhata Bay ndi ulendo wa maora ambiri pa ngalawa. Chifukwa chache nchimodzi: amisyoni a U.M.C.A., William Percival Johnson ndi Chauncy Maples ndi anzao, anamanga pa Likoma kuyambira 1885. Ndipo taonani, owerenga athu, amene anawalola kumanga pamenepo ndiye mfumu Chiteji, wokhala kumtunda. Koma zitapita zaka zisanu ndi chimodzi, cholembera cha ku Lisbon chinaika mfumuyo m'dziko lina ndi chisumbucho m'dziko lina. Dzina lache mulibe m'panganomo. Pambuyo pache, m'chaka cha 1954, Angelezi ndi Apwitikizi anapangananso, nasuntha malire ao kuchoka pagombe kufika pakati pa nyanja. Zisumbuzo zinatsala za Nyasaland, zozingidwa ndi madzi a eni ena, ndipo ziri chomwecho kufikira lero. Pa kalembera wa 2018 anthu a boma la Likoma anali 14,527.

Pali liu limodzi m'mapangano onse awiri limene ife a kuno tingathe kuliweruza bwino koposa amene analilemba, ndilo gombe. Pangano la 1891 linati malire atsate gombe la kum'mawa kwa Chiuta ndi Chilwa. Koma ndani wa ife sadziwa kuti gombe la Chilwa liyenda? Tikakwera pa Malosa tiona chisumbu cha Chisi, kumene makolo anathawira m'masiku a nkhondo za akapolo ndi za Angoni, chifukwa madzi anali linga lao. Koma m'chaka cha 1968, ndi 1995, ndi 2018, nyanjayo inaphwa, ngalawa zinagona m'matope ong'aluka, ndipo pamene asodzi anaponya makoka panayenda anthu ndi njinga. Anayenera kudzaika miyala ya malire pambuyo pache, popeza madzi sasunga pangano. Nyanja yaikuru nayonso itero: kuyambira 1915 kufikira 1935 inatsika kotero kuti Shire analeka kutuluka bwino, ndipo m'chaka cha 2024 inakwera nilowa m'nyumba za ku Mangochi. Olemba aja anaona nyanja pa mapu, pamene iri ndi mzere wakuda wosasuntha. Sanaione m'mwezi wa October ndi m'mwezi wa April.

Ajeremani anachoka, Angelezi anachoka, koma pepala linatsala. M'chaka cha 1964 atsogoleri a maiko a Afrika, atasonkhana ku Cairo, anabvomerezana kusunga malire monga anawalandira. Ndipo pa ichi Malawi aimapo, kuti madzi onse a kumpoto ngache kufikira gombe la tsidya lija. Tanzania anena kuti malire ayenera kupita pakati pa nyanja, monga achitira maiko ambiri ogawana madzi, ndi monga Angelezi anachitira ndi Apwitikizi. Julius Nyerere anadzutsa mlanduwo m'chaka cha 1967. Ndipo chaka chotsatira Dr. Banda anayankha ndi mau akuti ngakhale maiko a Mbeya, Njombe ndi Songea anali a Malawi kale, mau amene sanathandize kanthu koma kukoleza moto. Mlanduwo unagona zaka zambiri, kufikira boma lathu linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja m'chaka cha 2011. Pomwepo unadzuka, m'chaka cha 2012 akuru ena a tsidya lija anachula poyera za asilikari, ndi kuno achinyamata ena anayamba kulankhula zakufera nyanja. Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anayesa kuyanjanitsa, koma zokambirana zinaima m'chaka cha 2014 popanda chomangidwa.

Iwo amene achula nkhondo mopepuka tiwapempha amve za zisumbu zina, za kutali kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic, zimene Angelezi azicha Falkland ndi a ku Argentina azicha Malvinas. Ziri makilomita ngati 480 kuchokera ku Argentina, ndi ngati 13,000 kuchokera ku England. Ndi dziko la mphepo ndi nkhosa, ndipo m'chaka cha 1982 anthu ache anali ngati 1,800. Argentina inati nzache chifukwa ziri pafupi, ndi chifukwa inazilandira kwa Spain, ndipo Angelezi anazilanda m'chaka cha 1833. Angelezi anati nzao chifukwa okhalapo afuna chomwecho. Pa 2 April 1982 General Galtieri, amene boma lache la asilikari linali litadedwa ndi anthu ache, anatuma nkhondo nazilanda, ndipo makamu anamuombera m'manja m'miseu ya Buenos Aires. Margaret Thatcher anatuma ngalawa. Pa 2 May ngalawa ya General Belgrano inamizidwa, nafa anthu 323 tsiku limodzi. Pamene nkhondo inatha pa 14 June, atapita masiku 74, akufa anali 649 a Argentina, 255 a Angelezi, ndi akazi atatu a pa zisumbupo. Ndiko kuti mtembo umodzi pa anthu awiri ali onse okhala pamenepo. Ambiri a asilikari a Argentina anali anyamata olembedwa mokakamiza, osafika zaka 20, amene anagona m'maenje a madzi ozizira ndi njala m'mimba. Iwo ndiwo atengatenga a nkhondo imeneyo. Galtieri anagwa patapita masiku owerengeka, Thatcher anapambana chisankho cha 1983, ndipo mlandu wa zisumbuzo uli pomwe unali: mu 2013 okhalapo anaponya mavoti, 1,513 nafuna kukhala ndi Angelezi, atatu okha nakana, koma Argentina siinabvomere.

Nanga ife tiweruza bwanji? Tinena mosabisa kuti pa mlandu wa mapepala Malawi aima pabwino; mau a 1890 ngomveka, ndipo sitiona chifukwa chakuti boma liope kuwatengera ku bwalo la milandu la maiko onse ku The Hague. Koma tisanamizane kuti pepalalo ndi lopatulika. Linalembedwa posinthana kachisumbu ka ku Ulaya, ndi anthu amene sanamwepo madzi a nyanjayi. Ndipo tiyang'ane bwino zifukwa zathu. Wina akafunsa chifukwa chiani Likoma iri ya Malawi, pokhala igona pa khomo la Mozambique, sitiyankha ndi pepala lokha. Tinena kuti anthu a pamenepo ndi athu, kuti aphunzira ndi kupemphera ndi kuponya mavoti pamodzi nafe, kuti ana ao atumikira dziko lino monga aphunzitsi, ansembe ndi alembi kuyambira kale. Tinena kuti kukhala kwa anthu kuposa mapu. Chabwino, koma muyeso umenewo tiyenera kuyesa nao tsidya linanso. Pa gombe la Tanzania pali asodzi amene makolo ao anapalasa mabwato m'madzi omwewo Salisbury asanabadwe. Sitingathe kukweza liu la msodzi wa ku Chizumulu ndi kutseka makutu pa msodzi wa ku Mbamba Bay. M'buku la Genesis timva za abusa a Isake ndi a ku Gerari akukangana pa zitsime. Ndipo mlembi anasunga maina a zitsime za mkangano pamodzi ndi dzina la chitsime chija chimene sanakanganirapo, kuti tidziwe kuti zonse zinakumbidwa ndi anthu ofuna madzi akumwa.

Anthu a m'mbali mwa nyanja adziwa ichi koposa a m'malikulu. Pamene nkhondo ya Frelimo inayamba ku Niassa m'chaka cha 1964, ndiponso m'masiku a Renamo, a ku Cobue ndi midzi yoyandikana anathawira ku Likoma m'mabwato, nalandiridwa ndi abale ao a chinenero chimodzi. Chisumbu chinachita ntchito yomwe Chisi chinachitira makolo athu. Ndipo pa Liuli pomwe, pamene chipolopolo cha Guendolen chinagwera, panakhala misyoni ya U.M.C.A., pansi pa bishopu wa ku Likoma kufikira 1952. Johnson, amene anayamba ntchito ya pa Likoma nayenda panyanja zaka zoposa 40, anamwalira komweko m'chaka cha 1928, ndipo manda ache ali pa Liuli, m'dziko la Tanzania. Kunsi kwa mandawo amai atsikira kugombe m'mawa ndi mitsuko yao. Pamene aima pa mchenga ali kwao, koma monga mwa pangano la 1890, madzi amene atunga ndi a Malawi.